Kodi genomics ndi phunziro lotani, nanga nthambi zake zimafufuza chiyani?

Funso: Ndikuphunzira sayansi ya zamoyo pa yunivesite, ndipo chaka chamawa tiyenera kusankha mbali yoti tizamepo. Aphunzitsi athu amatchulatchula genomics, koma sindikuona kusiyana kwake ndi genetics imene tinayamba ku sekondale, komanso mayina a nthambi zake amandisokoneza. Kodi phunziroli ndi lotani, nthambi zake zikuluzikulu ndi ziti, nanga lili ndi ntchito kwa ife kuno kapena ndi la mayiko olemera okha?

Yankho: Genetics imene munaphunzira ku sekondale imayambira pa chinthu chimodzi chooneka, monga mtundu wa khungu kapena matenda oyenda m'banja, kenako n'kufunsa kuti ndi jini liti likuchititsa zimenezo ndipo likuchoka bwanji kwa kholo kupita kwa mwana. Umu ndi mmene Gregor Mendel ankagwirira ntchito ndi nsawawa zake m'munda wa amonke ku Brno m'zaka za m'ma 1860, ngakhale kuti iye sankadziwa za DNA. Ndi njira yomweyi imene imatifotokozera chifukwa chake makolo awiri akhungu lakuda amabereka mwana wachialubino: aliyense wa iwo amakhala ndi kope limodzi losagwira ntchito la jini lothandiza kupanga mtundu wa khungu, lomwe kum'mwera kwa Africa kuno nthawi zambiri limakhala lotchedwa OCA2, ndipo pa pathupi paliponse mpata woti mwana alandire makope awiri otere umakhala kamodzi pa kanayi. Genomics imayambira mbali inayo. Imatenga DNA yonse ya chamoyo nthawi imodzi, majini onse pamodzi ndi zigawo zonse zili pakati pawo, n'kufunsa mmene zonsezo zilili, mmene zimagwirira ntchito limodzi, ndiponso mmene zimasiyanira pakati pa chamoyo china ndi chinzake. DNA yonse ya chamoyo chimodzi ndi imene imatchedwa genome.

Kuti muone kukula kwa ntchitoyi, kumbukirani kuti DNA ndi chingwe cha timakhemikolo ta mitundu inayi yokha, timene timaimiridwa ndi zilembo A, C, G ndi T, ndipo uthenga wonse uli m'ndondomeko imene zilembozi zatsatizana. Munthu amalandira zilembo pafupifupi 3 biliyoni kwa mayi ake ndi zina zochuluka chimodzimodzi kwa bambo ake, zopindidwa m'makromozomu 46 omwe ali awiriawiri. Majini opanga mapuloteni alipo pafupifupi 20,000, ndipo malangizo enieni a mapuloteniwo satenga ngakhale magawo 2 pa magawo 100 alionse a genome yathu. Kachilombo ka HIV kali ndi zilembo pafupifupi 9,700, ka COVID-19 pafupifupi 30,000, bakiteriya wa chifuwa chachikulu 4.4 miliyoni, ndipo kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kali ndi 23 miliyoni. Chimanga chili ndi 2.3 biliyoni, pomwe tirigu amaposa munthu pafupifupi kasanu. Kukula kwa genome sikusonyeza kuti chamoyo n'chapamwamba, chifukwa mbali yaikulu ya DNA ya chimanga ndi tirigu ndi zidutswa zongobwerezabwereza, zambiri mwa izo zochokera ku tizigawo todumphadumpha timene Barbara McClintock anatulukira m'chimanga momwemo, ntchito imene analandirira mphotho ya Nobel mu 1983.

Phunziroli linabadwa chifukwa cha zipangizo. Maonekedwe a DNA anafotokozedwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick, mothandizidwa kwambiri ndi zithunzi za mu labotale ya Rosalind Franklin ku London, koma panapita zaka zoposa 20 anthu asanapeze njira yabwino yowerengera zilembozo. Frederick Sanger anaipeza mu 1977 ndipo anawerenga kachilombo kakang'ono ka zilembo pafupifupi 5,400. Mu 1995 bakiteriya woyamba, Haemophilus influenzae, anawerengedwa yense. Ntchito yowerenga genome ya munthu, Human Genome Project, inayamba mu 1990 n'kutha mu 2003 itadya ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni, ndipo ngakhale apo magawo 8 pa 100 anali asanawerengedwe mpaka mu 2022. Lero genome ya munthu mmodzi imawerengedwa pa mtengo wosafika madola 1,000.

Ndi bwino mudziwe mmene kuwerengaku kumachitikira, chifukwa mavuto ambiri a phunziroli amachokera pomwepa. Makina ambiri satha kuwerenga kromozomu yathunthu kuyambira kumutu mpaka kumchira. DNA imadulidwa tizidutswa ta zilembo pafupifupi 150, tizidutswa mamiliyoni timawerengedwa nthawi imodzi, malo alionse kangapo konse pofuna kupewa zolakwika, ndipo kompyuta ndi imene imalumikiza tizidutswato poyang'ana pamene mapeto a kena akufanana ndi chiyambi cha kanzake. Pamene ndondomeko yomweyo yabwerezedwa kambirimbiri, kompyuta imasowa pogwira, ndipo n'chifukwa chake magawo otsala aja anadikira zaka 19, kufikira patabwera makina owerenga zingwe zazitali. Ena mwa makina atsopanowa, monga MinION, ndi ang'onoang'ono moti amalowa m'thumba la malaya ndipo amalumikizidwa ku laputopu. Anagwiritsidwa ntchito ku Guinea pa mliri wa Ebola mu 2015, komanso m'minda ya chinangwa ku Tanzania, Uganda ndi Kenya pozindikira tizilombo towononga mbewuyo mlimi ali pomwepo.

Kuwerenga kwaphweka tsopano, koma kumvetsa zimene zawerengedwa kudakali kovuta, mofanana ndi munthu amene wakopera buku lonse la chinenero chimene amadziwa mawu ake owerengeka chabe. Nthambi zimene zikukusokonezanizo muzizione motere: iliyonse ndi funso losiyana lofunsidwa kwa buku lomwelo. Mabuku a sukulu sagwirizana ngakhale pa chiwerengero cha nthambizi, ndipo wofufuza mmodzi amadutsa m'nthambi zitatu kapena zinayi pa kafukufuku mmodzi, choncho musataye nthawi kuloweza malire ake.

Funso loyamba n'lakuti m'bukumo muli chiyani ndipo chili pati. Iyi ndiyo structural genomics, yomwe ntchito yake ndi kuwerenga, kulumikiza, kujambula mapu a makromozomu ndi kuika chizindikiro pamene jini lililonse layambira ndi pamene lathera. Akatswiri ena amagwiritsa ntchito dzina lomweli pa ntchito yopeza maonekedwe a mapuloteni onse opangidwa ndi genome, chifukwa puloteni imagwira ntchito malinga ndi mmene yapindikira. Kale kupeza maonekedwe a puloteni imodzi kunkatha kutenga zaka, koma kuyambira mu 2021 pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa AlphaFold yakhala ikulosera maonekedwewo kuchokera ku ndondomeko ya zilembo, ndipo Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nayo mphotho ya Nobel mu 2024.

Funso lachiwiri, la functional genomics, n'lakuti chigawo chilichonse chimachita chiyani, liti, ndipo m'selo liti. Selo la m'chiwindi ndi selo la mu ubongo ali ndi DNA yofanana, koma amasiyana chifukwa majini amene ayatsidwa m'selo lina ndi ozimitsidwa m'linzake. Ofufuza amayeza zimenezi powerenga RNA yonse yopezeka m'selo, pakuti jini likayatsidwa limakoperedwa kukhala RNA lisanapange puloteni. Njira ina ndi yothyola majini limodzilimodzi n'kuona chimene chawonongeka. Mu 2018 gulu la ofufuza ku University of South Florida linachita izi pa kachilombo ka malungo ndipo linapeza kuti mwa majini ake oposa 5,000, pafupifupi theka ndi oti kachilomboko sikangakhale m'magazi popanda iwo. Kwa wopanga mankhwala, uwu ndi mndandanda wa malo oyenera kumenyapo.

Matenda a sickle cell akuonetsa bwino mmene nthambi zimalumikizirana. Chiyambi chake chinadziwika kalekale kudzera mu genetics wamba: chilembo chimodzi chokha pa kromozomu 11 chasintha, A wasanduka T, ndipo himogulobini, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, imapangidwa molakwika moti maselo ofiira amapindika n'kumatseka timitsempha. Madokotala ankadziwanso kuti odwala amene thupi lawo limapitiriza kupanga himogulobini ya ukhanda, imene imazimitsidwa mwana akabadwa, savutika kwambiri. Chozimitsacho chinapezeka cha m'ma 2007 ndi 2008 poyerekezera magenome a anthu masauzande, ndipo ndi jini lotchedwa BCL11A, lomwe lili pa kromozomu ina. Kafukufuku wotsatira anapeza kachigawo kosapanga puloteni komwe kamayatsa jini limeneli m'maselo a magazi okha. Chithandizo chotchedwa Casgevy, chomwe chinavomerezedwa ku Britain ndi ku America kumapeto kwa 2023, chimadula kachigawo kameneka pogwiritsa ntchito CRISPR, njira yosinthira DNA imene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafotokoza mu 2012, kuti himogulobini ya ukhanda iyambenso kupangidwa. Mtengo wake ku America pamene chinavomerezedwa mu 2023 unali madola 2.2 miliyoni pa wodwala mmodzi, pomwe ana ambiri obadwa ndi matendawa ali mu Africa. Pa mbali iyi nkhawa yanu yoti phunziroli limapindulira olemera ili ndi maziko.

Comparative genomics imaika magenome a zamoyo zosiyana pambalipambali. Mfundo yake ndi yakuti chigawo chimene chasungika mosasintha kwa zaka mamiliyoni m'zamoyo zambiri chiyenera kukhala ndi ntchito yofunika, ndipo pamene pasintha ndi pamene pali chinsinsi cha kusiyana kwa zamoyozo. Mu 1987 Paul Nurse ndi Melanie Lee anasonyeza kuti jini la munthu loyendetsa kugawikana kwa maselo limatha kugwira ntchito m'malo mwa jini lofanana nalo mu yisiti, umboni wakuti kufufuza yisiti, ntchentche kapena mbewa kumatiphunzitsa za thupi lathu.

Pa nthambi iyi Nyanja ya Malawi ndi malo amene akatswiri a dziko lonse amawasirira. M'nyanjamo muli mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja limodzi, monga mbuna za m'miyala, utaka, ncheni ndi ndunduma za m'madzi akuya, ndipo yonse inachokera kwa makolo amodzi m'nthawi yaifupi kwambiri tikayerekeza ndi mmene mitundu ya zamoyo imasiyanirana nthawi zambiri. Chambo ndi cha banja lomweli koma mzere wake ndi wina. Mu 2018 gulu lotsogoleredwa ndi ofufuza a ku Wellcome Sanger Institute pafupi ndi Cambridge linafalitsa zotsatira za kuwerenga magenome a nsomba 134 za mitundu 73. Anapeza kuti mitundu iwiri imasiyana pa zilembo zapakati pa 0.1 ndi 0.25 pa 100 zilizonse, kusiyana kochepa kwambiri poyerekeza ndi kwa munthu ndi chimpanzi komwe kumapitirira pang'ono chilembo chimodzi pa 100, chonsecho nsombazi zimasiyana pakamwa, mano, mtundu, chakudya ndi malo okhala. Anapezanso kuti mitunduyi yakhala ikuberekana kangapo m'mbiri yake, moti mbiri yake siingajambulidwe ngati mzere umodzi wogawikana, ndiponso kuti nsomba za m'madzi akuya zili ndi kusintha kofanana m'majini a maso ndi a himogulobini, zimene zimazithandiza kuona mumdima ndi kupuma pamene okosijeni ndi wochepa. Wophunzira amene akufuna kuchita kafukufuku wa pamwamba ali kwawo sangapeze nkhani yabwino kuposa iyi.

Kuyerekezera kungachitikenso pakati pa anthu okhaokha, ndipo nthambi imeneyi ndi population genomics. Anthu awiri alionse amasiyana pa chilembo chimodzi mwa zilembo pafupifupi 1,000, ndipo kusiyana kwakukulu kuli mu Africa, chifukwa mtundu wa anthu unakhala kuno nthawi yaitali kagulu kochepa kasanatuluke n'kudzaza makontinenti ena katanyamula gawo chabe la kusiyanako. Chodandaulitsa n'chakuti pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse amene DNA yawo yagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wamkulu wa matenda ndi ochokera ku mizu ya ku Ulaya. Mu 2019 kafukufuku wa anthu 910 a mizu ya mu Africa anapeza zilembo pafupifupi 300 miliyoni zimene munalibe mu genome yoyezera imene dziko lonse linkagwiritsa ntchito. Mu 2020 gulu la H3Africa litawerenga anthu 426 okha a m'mayiko 13 linapeza malo osiyana oposa 3 miliyoni amene anali asanalembedwepo. Izi zikutanthauza kuti mayeso olosera matenda a shuga kapena a mtima opangidwa kuchokera kwa Azungu salosera bwino kwa ife. Ine ndimachenjeza anthu kuti asamawononge ndalama pa mayeso otsatsidwa pa intaneti olonjeza kuwauza matenda amene adzadwale, chifukwa matenda ofala otere amadalira majini mazanamazana, lililonse likuthandizira pang'ono, kuphatikizapo zakudya, fodya, mowa ndi ntchito imene munthu amagwira.

DNA imatengedwanso m'mafupa akale. Svante Pääbo analandira mphotho ya Nobel mu 2022 chifukwa chowerenga genome ya anthu a Neanderthal, mtundu wa anthu akale umene unatha, ndipo njira zomwezo zagwiritsidwa ntchito pa mafupa opezeka ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza. Zotsatira zofalitsidwa mu 2017 zinasonyeza kuti alenje ndi otola zipatso amene anakhala kumeneko zaka zapakati pa 8,100 ndi 2,500 zapitazo anali pa ubale ndi a San a kum'mwera kwa Africa ndiponso a Hadza a ku Tanzania, ndipo DNA yawo sioneka kwenikweni mwa Amalawi a lero, omwe ndi zidzukulu za alimi olankhula zinenero za Chibantu. Amene anamvapo kwa agogo awo za Akafula, anthu amene makolo ankati anawapeza m'dziko lino, adzaona chifukwa chake zotsatirazi zinakopa chidwi.

Koma mukafunsa kumene genomics yapulumutsa kale miyoyo m'chigawo chathu, yankho langa ndi nthambi yofufuza tizilombo toyambitsa matenda, pathogen genomics. Genome ya kachilombo ndi yaing'ono, yotsika mtengo kuwerenga, ndipo imasintha msanga moti kusinthako kumasiya mapazi osonyeza kumene kachilomboko kachokera. Mwana wa ku Lilongwe atapezeka ndi poliyo, zomwe zinalengezedwa mu February 2022, dziko la Malawi linali litakhala zaka 30 popanda matendawa, ndipo Africa yonse inali italengezedwa mu 2020 kuti yathetsa poliyo wa m'chilengedwe. Funso lalikulu linali lakuti kodi kachilomboko kankabisala kuno zaka zonsezo kapena kanabwera. Ma labotale a ku South Africa ndi ku America atawerenga zilembo zake anapeza kuti ndi ka mzere wa ku Sindh ku Pakistan, ndipo ana ena amene anapezeka nako ku Tete m'dziko la Mozambique chaka chomwecho anali ndi ka mzere womwewo. Chidziwitso chimenechi ndi chimene chinasonyeza kuti katemera ayenera kuperekedwa m'mayiko angapo oyandikana nthawi imodzi. Mtundu wa Omicron wa COVID-19 unazindikiridwanso motere mu November 2021 ndi gulu la Sikhulile Moyo ku Botswana ndi la Tulio de Oliveira ku South Africa.

Nkhani ya malungo ndi yathu kwambiri. Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine, mu 1993, chifukwa mankhwalawa anali atasiya kuchiza, ndipo m'malo mwake munabwera Fansidar. Mu 2000 ofufuza anapeza kuti kusamva chloroquine kumachokera pa kusintha kwa jini la kachilomboko lotchedwa pfcrt. Atayeza magazi osungidwa a ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tokhala ndi kusinthaku tinali 85 pa 100 tilitonse mu 1992, koma pofika mu 2000 tinatsika kufika pa 13. Chifukwa chake n'chakuti kusinthako kumafooketsa kachilombo pang'ono, ndiye mankhwala atachotsedwa tizilombo tachibadwa tinapambana tinzake. Kafukufuku wa ana a ku Ndirande wofalitsidwa mu 2006 anatsimikiza kuti chloroquine anachiza 99 pa 100 alionse, pomwe Fansidar anali atayamba kulephera kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti munthu akagule chloroquine, pakuti mankhwala ovomerezeka kuyambira mu 2007 ndi LA. Phindu lake n'lakuti tinaphunzira kuti kusamva mankhwala kungathe kulondoledwa m'DNA odwala asanayambe kufa. Mu 2014, powerenga genome yonse ya tizilombo tozoloweretsedwa mankhwala mu labotale n'kuyerekezera ndi ta odwala a ku Cambodia, ofufuza anapeza jini la kelch13 lokhudza kusamva artemisinin, amene ndi msana wa LA. Kusintha kwa jini limeneli kwaoneka kale ku Rwanda ndi ku Uganda, ndipo ntchito yoyang'anira kufalikira kwake ikufuna anthu ophunzira ngati inu.

Ku Blantyre komweko, pa chipatala cha Queen Elizabeth, madokotala ankaona bakiteriya wa Salmonella, yemwe kwina amangotsegula m'mimba, akulowa m'magazi n'kupha ana odwala malungo kapena onyentchera komanso akuluakulu okhala ndi HIV. Genome ya bakiteriyayu itawerengedwa n'kufalitsidwa mu 2009 inasonyeza kuti ndi mzere wapadera, ST313, wosamva mankhwala angapo ndiponso wotaya majini ena mofanana ndi bakiteriya wa tayifodi. Ngakhale makina a GeneXpert amene mumawaona m'zipatala za maboma ndi chipatso cha nthambi iyi, chifukwa amafufuza m'makhololo kachigawo ka jini la rpoB la bakiteriya wa chifuwa chachikulu, n'kunena m'maola awiri ngati munthu ali ndi TB komanso ngati TB yakeyo imamva mankhwala a rifampicin.

Pharmacogenomics imatembenuzira funso kwa wodwala: n'chifukwa chiyani mankhwala omwewo pa mlingo womwewo amachiza wina n'kuvutitsa mnzake. Ambiri amene ankamwa ma ARV okhala ndi efavirenz, asanasinthidwe kupita ku dolutegravir, amakumbukira chizungulire ndi maloto oopsa. Mankhwalawa amaphwanyidwa m'chiwindi ndi puloteni yopangidwa ndi jini la CYP2B6, ndipo mtundu wa jiniwu wogwira ntchito pang'onopang'ono ndi wofala kwambiri mu Africa kuposa ku Ulaya, moti mankhwala amachuluka m'magazi a anthu otere. Chimodzimodzinso mankhwala a malungo otchedwa primaquine amatha kuswa maselo ofiira a munthu wosowa puloteni ya G6PD, vuto lofala m'madera a malungo.

Pali nthambi ina imene siiyang'ana zilembo zenizenizo koma tizizindikiro timene timamatirira pa DNA n'kumayatsa kapena kuzimitsa majini, ndipo imatchedwa epigenomics. Anthu amene anali m'mimba pa njala ya ku Netherlands ya 1944 mpaka 1945 anapezeka patapita zaka 60 ali ndi tizizindikiro tosiyana ndi ta abale awo pa jini la kakulidwe la IGF2. Ku Gambia, ana amene mimba yawo inayamba m'nyengo ya mvula, yomwe ndi nyengo ya njala, amasiyana m'tizizindikiro tina ndi amene mimba yawo inayamba m'nyengo yokolola. Kwa ife amene timadziwa mmene nkhokwe zimakhalira mu January ndi February, nkhaniyi ndi yofunika, komabe nthambi iyi ndi imene imakokomezedwa kwambiri m'nyuzipepala, ndipo kupeza chizindikiro chosiyana sikutsimikiza kuti chizindikirocho ndi chimene chayambitsa matenda.

Metagenomics imawerenga DNA yonse yopezeka m'dothi, m'madzi kapena m'chimbudzi cha munthu popanda kulekanitsa zamoyo zake, njira yofunika chifukwa mabakiteriya ambiri sakula mu labotale. Kafukufuku wina wodziwika pa nthambiyi anachitikira kum'mwera kwa Malawi, motsogoleredwa ndi Jeffrey Gordon ndi Mark Manary, ndipo anafalitsidwa mu 2013. Analondola mabanja 317 a ana amapasa, ndipo m'mabanja ambiri mwana mmodzi ankanyentchera, ena mpaka kutupa ndi kwashiorkor, mnzake ali bwino, chonsecho akuyamwa bere limodzi ndi kudya phala limodzi. Mabakiteriya a m'matumbo a ana odwalawo anali osakhwima molingana ndi msinkhu wawo. Akapatsidwa chiponde ankasintha n'kuyamba kufanana ndi a mwana wathanzi, koma chiponde chikatha ankabwerera m'mbuyo. Ofufuza ataika mabakiteriya a ana odwalawo m'mbewa zobadwira mopanda tizilombo n'kumazidyetsa zakudya zofanana ndi za kumudzi, mbewazo zinaonda kwambiri, pomwe zolandira mabakiteriya a amapasa athanzi sizinatero. Njala idakali gwero la kunyentchera, koma kafukufukuyu anasonyeza kuti zamoyo za m'matumbo zili ndi gawo lake.

Za ulimi ndingonena mwachidule, ngakhale ntchito zilipo zambiri kumeneko. Genome ya chimanga inafalitsidwa mu 2009 ndipo ya nandolo mu 2011, ntchito yotsogoleredwa ndi ICRISAT, bungwe lomwe lilinso ndi malo ake ku Chitedze. Wopanga mbewu akadziwa chigawo cha DNA chogwirizana ndi kupirira matenda kapena chilala, amayeza katsamba ka mbande n'kusankha yoyenera popanda kudikira kuti ikule. Chimanga cha olenji chokhala ndi vitamini A, chomwe chinatulutsidwa ku Zambia mu 2012, chinapindula ndi kudziwika kwa majini awiri, lcyE ndi crtRB1. Izi si GMO, chifukwa palibe jini lachilendo loikidwa m'mbewuyo: kuberekana ndi kwa masiku onse, kusankha kokha ndi kumene kwafulumira.

Musaiwale kuti DNA ya munthu imaulula za abale ake amene sanavomereze kuyezedwa, ndipo ikhoza kusonyeza kuti bambo amene analera mwana si amene anamubereka. Maselo a Henrietta Lacks, mayi amene ankadwala khansa, anatengedwa ku Baltimore mu 1951 iye osadziwa, ndipo genome yawo inaikidwa poyera mu 2013 banja lake lisanafunsidwe. A San a ku South Africa analemba malamulo awoawo a kafukufuku mu 2017 atatopa ndi ofufuza obwera kudzatenga n'kupita. Kumudzi anthu akamafunsa kuti magazi awo akupita kuti, funsolo ndi loyenera, ndipo wofufuza ayenera kuliyankha momveka m'chinenero chawo, kafukufuku wake atavomerezedwa kale ndi komiti yoona za ufulu wa anthu ofufuzidwa.

Pa kusankha kwanu, ndinganene kuti makina owerengera DNA achuluka mu Africa chiyambire mliri wa COVID-19, makamaka kudzera mu ntchito imene bungwe la zaumoyo la Africa CDC linakhazikitsa mu 2020, koma anthu otha kumasulira zotuluka m'makinawo adakali ochepa. Luso limeneli limatchedwa bioinformatics, ndipo nthambi iliyonse imene ndatchula imalidalira. Limafuna biology yolimba, masamu a statistics, ndi chinenero cha kompyuta chimodzi, Python kapena R, pamodzi ndi kuzolowera Linux. Simufunika kudikira labotale kuti muyambe, chifukwa magenome ambiri amasungidwa m'nkhokwe zaulere za pa intaneti monga GenBank, ndipo a tizilombo ndi ang'onoang'ono moti laputopu wamba imawakwanitsa. Tengani genome ya kachilombo ka COVID-19 imene inaikidwa poyera mu January 2020 kuchokera ku Wuhan ndi ina ya Omicron, muziyale pamodzi ndi pulogalamu yoyerekezera, kenako mufufuze jini la puloteni ya spike, imene kachilomboko kamagwirira selo la munthu. Mudzapezamo kusintha kopitirira 30, ndipo mukatha kufotokoza kuti kusintha kuti kukukhudza kagwiridwe ka selo ndi kuti kukukhudza chitetezo cha katemera, mudzakhala mutagwira ntchito ya nthambi zitatu nthawi imodzi.